Rauta Yosavuta Kutchera ndi Ulamuliro Umene Mwini Wake Akutaya

Nkhani ya lero ikukhudza kabokosi kamene masiku ano kamapezeka m'nyumba, m'maofesi ndi m'masukulu ambiri, kamene ntchito yake ndi kulandira intaneti kuchokera ku kampani yoigulitsa n'kuigawira mafoni ndi makompyuta a pamalopo, kudzera pa chingwe kapena pa mafunde a Wi-Fi. Kabokosika kamatchedwa rauta, ndipo ngakhale kamaoneka ngati chipangizo wamba cha timagetsi tophethira, m'kati mwake muli kompyuta yeniyeni yokhala ndi pulogalamu yoiyendetsa imene akatswiri amaitcha firmware, kutanthauza pulogalamu imene inaikidwiratu ku fakitale ndipo ndiyo imalamula zimene chipangizocho chingachite ndi zimene chingakane. Mwini rauta amalankhula ndi firmware imeneyi kudzera pa tsamba lotcherera, limene amalifika polemba manambala onga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 m'pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga anthu amene anasinthapo mawu achinsinsi a MiFi akudziwira. Kwa zaka zoposa khumi tsopano, makampani opanga marauta akhala akuchepetsa zimene zili pa tsamba limeneli, ena mpaka kulichotseratu n'kuikapo kapulogalamu ka pafoni ka mabatani owerengeka, ndipo chifukwa chimene amapereka n'chakuti anthu ambiri amafuna chinthu chongolumikiza kumagetsi n'kuyamba kugwira ntchito. Zimenezo n'zoona, koma pali zina zimene zapita limodzi ndi mabatani ochotsedwawo.

Kuti mkanganowu umveke, m'pofunika kudziwa zimene rauta imachita kuseri. Kampani yogulitsa intaneti kawirikawiri imapatsa kasitomala adiresi imodzi yokha, pamene m'nyumbamo mungakhale zipangizo khumi, choncho rauta imapatsa chipangizo chilichonse adiresi ya m'kati n'kumakumbukira kuti ndani anapempha chiyani kunja, monga mmene mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi limodzi la sukulu ya pulayimale, mphunzitsi wamkulu n'kumadziwa mwini wa kalata iliyonse. Njira imeneyi imatchedwa NAT, ndipo chotsatira chake n'chakuti uthenga wochokera kunja umene palibe anaupempha umatayidwa, pokhapokha mwini rauta ataiuza kuti zofika pa khomo la nambala yakutiyakuti zizipita ku chipangizo chakutichakuti. Kutsegula khomo koteroko kumatchedwa port forwarding, ndipo ndiko kumathandiza mwini shopu kuona kamera ya m'shopu mwake ali kutali popanda kudalira kampani ina yapakati. Pa tsamba lomwelo munthu ankatha kusankha seva ya DNS, imene imamasulira dzina la tsamba kukhala manambala amene makina amamva. Ankatha kusamutsa Wi-Fi yake kuchoka pa tchanelo chimene anansi adzazapo, podziwa kuti pa mafunde a 2.4 GHz matchanelo 1, 6 ndi 11 ndi amene sasokonezana. Ndiponso ankatha kuwerenga kaundula wa zochitika, mmene rauta imalembamo chilichonse chimene chaichitikira ndi nthawi yake.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kusinthaku ndi cha kampani ya Apple, imene inayamba kugulitsa marauta ake otchedwa AirPort mu 1999. Marauta amenewa analibe tsamba lotcherera ngati ena, ndipo ankatcheredwa ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa AirPort Utility, imene kwa zaka zambiri inali ndi njira ziwiri: yotsogolera munthu wosadziwa pang'onopang'ono mpaka intaneti italumikizika, ndi ina yotchera pamanja, imene inkatsegula magawo onse kwa munthu wodziwa chimene akufuna. Kumapeto kwa Januwale 2012, Apple inatulutsa mtundu wa 6.0 wa pulogalamuyi, utakonzedwa kuti ufanane ndi wa pa iPhone umene unatuluka miyezi ingapo m'mbuyomo. Munthu akautsegula ankaona chithunzi cha dziko lapansi pamwamba, chithunzi cha rauta yake pansi pake, mzere wolumikiza ziwirizo, ndi kadontho kobiriwira ngati zonse zili bwino kapena kachikasu ngati pali vuto. Maonekedwewo anali aukhondo ndithu, koma kaundula wa zochitika anali atasowa, njira yotumizira kaundulayo ku kompyuta ina inali itachotsedwa, malo otcherera SNMP, imene ndi njira yofunsira rauta kuchuluka kwa data imene yadutsa, panalibenso, ndipo marauta akale a kampani yomweyo pulogalamu yatsopanoyo sinkatha kuwatchera.

Chimene chinadabwitsa akatswiri koposa chinali kusowa kwa gawo lotcherera IPv6, ndondomeko yatsopano yoperekera maadiresi pa intaneti. Ndondomeko yakale, ya IPv4, ili ndi maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo bungwe lowagawa padziko lonse linapereka omaliza amene linali nawo mu Febuluwale 2011. Makampani akuluakulu anali atagwirizana zoyatsa IPv6 mpaka kalekale pa 6 Juni 2012, ndiye Apple inachotsa gawolo patangotsala miyezi inayi kuti tsikulo lifike. Inalibwezeretsa mu mtundu wa 6.1 m'mwezi wa Juni womwewo, zimene zikusonyeza kuti madandaulo anamveka, koma kaundula wa zochitika sanabwererenso. Kampaniyo inaoneka kuti ikudziwa yokha kuti yapereŵeza, chifukwa tsiku limene inatulutsa 6.0 inatulutsanso 5.6, pulogalamu ya maonekedwe akale, kuti anthu azikhala nazo zonse ziwiri. Chifundo chimenechi sichinakhalitse, popeza m'mapulogalamu otsatira oyendetsera makompyuta a Mac mtundu wakalewo unayamba kukana kuikidwa, ndipo anthu ankachita kuuzembetsa ndi njira zimene anaphunzitsana okha, kapena kubwereka kompyuta ya Windows, kumene mtundu wa 5.6.1 unatsala osasinthidwa. Mu Epulo 2018, Apple inalengeza kuti yasiyiratu kupanga marauta.

Kutayika kwa kaundula kumaoneka kochepa mpaka tsiku limene intaneti yayamba kuduladula. Kadontho kachikasu kamangouza munthu chimene akudziwa kale, choti zinthu sizili bwino, pamene mizere ya m'kaundula ikanamuuza kuti rauta imataya kulumikizana ndi kampani ya intaneti nthawi yofanana usiku uliwonse, kapena kuti chipangizo china chosadziwika chikupempha adiresi mobwerezabwereza, kapenanso kuti laputopu ya kuchipinda chakumapeto ikulandira mafunde ofooka kwambiri moti ikuchedwetsa ena onse. Mavuto atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo limodzi la iwo si la mwini nyumba n'komwe, ndi la kampani imene akuilipira mwezi ndi mwezi. Munthu wopanda kaundula amatsala ndi mankhwala amodzi, ozimitsa n'kuyatsanso, ndipo akaimba foni kukadandaula alibe umboni woti angatsutse nawo yankho lakuti vuto lili kwa iyeyo.

Komabe makampani ali ndi mfundo zawo zimene siziyenera kunyozedwa. Tsamba lakale linali lodzaza ndi zidule za mawu zimene munthu wamba sakanazimva, ndipo ambiri sankalitsegula n'komwe, moti marauta ndi makamera ochuluka ankagwira ntchito zaka ndi zaka ali ndi dzina ndi mawu achinsinsi a ku fakitale, nthawi zambiri admin ndi admin. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inadyerapo mwayi pa ulesi umenewu: inkangoyesa mayina ndi mawu achinsinsi odziwika pafupifupi 60, n'kulanda zipangizo zambirimbiri, ndipo pa 21 Okutobala 2016 zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito kuthira nkhondo kampani ya Dyn, imene inkayendetsa DNS ya masamba akuluakulu, mpaka Twitter ndi Netflix zinasiya kutseguka m'madera ambiri a ku America. Rauta imene imakakamiza mwini wake kusankha mawu achinsinsi atsopano tsiku loyamba, n'kumadzikonza yokha usiku pakapezeka chiboo m'chitetezo chake, imateteza anthu ambiri kuposa rauta ya zotchera mazana imene palibe akuisamala. Palinso zotchera zina zimene zimavulaza anthu ena osati mwini yekha, monga mphamvu ya mafunde: mu Ogasiti 2016 kampani ya TP-Link inavomera kulipira madola 200,000 ku FCC, bungwe loyang'anira mafunde ku America, chifukwa marauta ake ena ankalola munthu kusintha dzina la dziko limene ali, n'kuyamba kuulutsa ndi mphamvu yoposa yololedwa.

Koma si zoona kuti chosavuta chilichonse n'chotetezeka. Njira yotchedwa WPS inapangidwa kuti munthu asavutike kulemba mawu achinsinsi aatali, azingolemba manambala 8 osindikizidwa kunsi kwa rauta. Mu Disembala 2011, wofufuza wina dzina lake Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta inkayankha padera ngati manambala anayi oyamba ali olondola, ndiponso kuti nambala yomaliza imawerengeredwa kuchokera ku inzake, moti wakuba sankafunika kuyesa ka 100 miliyoni, ka 11,000 kokha kanali kokwanira, ntchito ya maola ochepa. Chodzitetezera chinali kuzimitsa WPS, chinthu chotheka pokhapokha ngati wopanga anasiya pozimitsira, ndipo pa marauta ena pozimitsirapo panalipo koma sipankazimitsadi. Kumapeto kwa Novembala 2016, makasitomala pafupifupi 900,000 a Deutsche Telekom ku Germany anasowa intaneti pamene mtundu wina wa Mirai unayesa kulowa m'marauta awo kudzera pa khomo limene linasiyidwira kampani kuti izitcherera ili kutali. Khomo limenelo linatsegulidwa kuti kasitomala asamavutike, ndipo eni marauta ambiri sankadziwa kuti lilipo.

Apa m'pamene pakuonekera kuti zotchera zikachotsedwa pamaso pa mwini rauta sizitha ayi, zimangosamukira m'manja mwa wina. Kumapeto kwa Juni 2012, kampani ya Cisco, imene panthawiyo inali mwini wa Linksys, inatumiza firmware yatsopano ku marauta a mitundu ya EA2700, EA3500 ndi EA4500 kudzera m'njira yodzikonza yokha ija, ndipo eni ake atafuna kulowa pa tsamba lawo la masiku onse anapeza kuti akufunsidwa kutsegula akaunti pa makompyuta a kampaniyo, m'ndondomeko yotchedwa Cisco Connect Cloud. Malamulo a akauntiyo ankaletsa kugwiritsa ntchito ndondomekoyo pa zinthu zolaula kapena zophwanya umwini wa ntchito za ena, ndipo chikalata cha zachinsinsi chinkanena kuti kampaniyo ingathe kusunga mbiri ya zimene munthu wachita pa intaneti. Anthu amene anagula chipangizo ndi ndalama zawo anaona ngati asanduka alendo m'nyumba mwawo, ndipo mkwiyo unakula moti pasanathe milungu iwiri Cisco inapepesa, inachotsa ndime ya kusunga mbiriyo, n'kulola anthu kubwerera ku tsamba lakale. Chaka chotsatira inagulitsa Linksys ku kampani ya Belkin.

Chimene Cisco inalephera kukakamiza mu 2012 chinadzalandiridwa mwakachetechete patapita zaka zitatu zokha. Google inatulutsa rauta ya OnHub mu 2015 yotcheredwa ndi pulogalamu ya pafoni basi, munthu atalowa ndi akaunti ya Google, ndipo makampani ena, monga Eero imene Amazon inagula mu 2019, anatsata njira yomweyo. Kuopsa kwa njirayi kunaoneka pamene Google inalengeza kuti kumapeto kwa 2022 isiya kusamalira OnHub: marautawo akanapitiriza kupereka Wi-Fi, koma eni ake sakanathanso kusintha zotchera kapena kuwonjezera zipangizo zokulitsira netiweki kudzera m'pulogalamuyo. Chipangizo chosawonongeka paliponse, cha zaka zisanu ndi ziwiri zokha, chinauma pamene chinali, chifukwa chotcherera chake sichinali m'kati mwake, chinali pa seva ya kampani.

Mbiri ya anthu okana kumangidwa manja chotere imayambira pa rauta ina ya Linksys yomweyo, WRT54G, ya mtundu wa buluu ndi wakuda ndi tinyanga tiwiri, imene inatuluka kumapeto kwa 2002. Mu 2003 zinadziwika kuti firmware yake inamangidwa pa Linux, pulogalamu imene chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimalamula kuti aliyense woigawira ena aperekenso malemba ake oyambirira, amene olemba mapulogalamu angawawerenge ndi kuwasintha. Atakakamizidwa, eni Linksys anatulutsa malembawo, ndipo pa maziko amenewo panamera firmware zolembedwa ndi anthu odzipereka: OpenWrt mu 2004, kenako DD-WRT ndi Tomato. Rauta ya mtengo wa m'nyumba inayamba kuchita zinthu zimene kale zinali za makina odula a m'makampani, monga kugawa liwiro la intaneti mwachilungamo pakati pa ogwiritsa ntchito, kupatula netiweki ya alendo, ndi kujambula kuchuluka kwa data imene yadutsa ola lililonse. Pamene Linksys mu 2005 inachotsa Linux mu WRT54G n'kuchepetsa ndi theka malo ake osungira zinthu pofuna kutsitsa mtengo, inatulutsanso mtundu wapadera, WRT54GL, wosungabe Linux, umene unagulitsidwa kwa zaka zoposa khumi, umboni wakuti ogula otere si ochepa monga makampani amanenera. Chosangalatsa n'chakuti m'chigwirizano chake ndi FCC, TP-Link, imene miyezi ingapo m'mbuyomo inali itayamba kutseka marauta ake kuti asalandire firmware ya ena, inalonjeza kugwira ntchito ndi olemba firmware zoterezi kuti zizitha kuikidwa popanda kuphwanya malire a mafunde.

Makampani akamati zotchera zakuya zimagwiritsidwa ntchito ndi anthu ochepa, amaiwala kufunsa kuti anthu ochepawo amazigwiritsira ntchito ndani. Kawirikawiri munthu wotereyu si wongosewera ndi makina m'chipinda mwake, koma ndi mnyamata kapena mtsikana amene sukulu, chipatala chaching'ono, tchalitchi ndi malo ogona alendo amamuitana intaneti ikavuta, ndipo akalandidwa zida zake ovutika ndi anthu wamba omwewo amene kufeŵetsako kunkati kukuwathandiza. M'mayiko ngati Malawi, kumene intaneti yambiri imagulidwa m'mabandulo otha, mfundoyi imakula, chifukwa kudziwa foni imene yadya bandulo ya mwezi m'masiku atatu, kapena kuika malire pa chipangizo chilichonse, n'chinthu cha ndalama zenizeni, pamene wopanga rauta amene amaganizira nyumba ya intaneti yopanda malire angachione ngati chokongoletsera. Palinso malire amene tsamba lotcherera silingawachotse: makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT, moti ngakhale rauta italola kutsegula khomo, uthenga wa kunja sufika. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023, imachitanso chimodzimodzi kwa makasitomala wamba. Rauta yake imatcheredwa pa foni, ili ndi zosankha zochepa, ndipo ya m'badwo wachiwiri inalibe ngakhale polowetsa chingwe cha netiweki pokhapokha munthu atagula kachipangizo kena padera. Komabe Starlink ili ndi njira yotchedwa bypass mode, yozimitsa ntchito za rauta yakeyo kuti munthu alumikize ina imene akuifuna.

Kubisa chinthu ndi kuchichotsa n'zosiyana, ndipo opanga ena asonyeza kuti kufeŵetsa sikufuna kuchotsa. Kampani ya MikroTik ya ku Riga m'dziko la Latvia, imene marauta ake amakondedwa ndi ogulitsa intaneti ang'onoang'ono, ili ndi tsamba limodzi lotchedwa Quick Set lokwanira kulumikiza nyumba m'mphindi zochepa, pamene kuseri kwake kuli zotchera zonse, zochuluka mwina mpaka kuopseza. AirPort Utility yakale inali itapeza kale njira yomweyi ndi magawo ake awiri aja. Chimene chimakankhira makampani ku kuchotsa ndi ndalama: chotchera chilichonse chiyenera kuyesedwa nthawi iliyonse firmware ikasintha, kulembedwa m'buku la malangizo, ndi kuyankhidwa pa foni kasitomala akachisokoneza, pamene akaunti ya pa seva ya kampani imatsegula mpata wogulitsa zina mwa zinthu zomwezo, monga zoletsa ana kuona masamba ena, pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Wofuna ulamuliro wonse amauzidwa kuti agule rauta yachiwiri kapena ya gulu la mabizinesi, kutanthauza kulipiranso chinthu chimene kale chinali m'kati mwa mtengo woyamba.

Malamulo ayamba kulowererapo, ngakhale mwa apo ndi apo. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2016, lamulo la ku Germany limapatsa kasitomala ufulu wogwiritsa ntchito rauta imene wasankha yekha, ndipo limakakamiza kampani ya intaneti kumupatsa zonse zofunika kuti ailumikize. Ku Britain, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 29 Epulo 2024 limaletsa kugulitsa zipangizo zolumikizika pa intaneti zokhala ndi mawu achinsinsi ofanana kapena osavuta kulota, ndipo limalamula wopanga kunena poyera kutalika kwa nthawi imene adzakhale akukonza chitetezo cha chipangizocho. Lamulo la ku Germany limateteza ufulu wosintha bokosi, la ku Britain limauza wogula tsiku limene wopanga adzachotse dzanja lake, koma onse awiri sakakamiza wopangayo kusiya m'rauta njira yoitcherera pamalo pomwepo, popanda akaunti ndi popanda seva ya kutali, tsikulo likadzafika.